Mutu 5: Zilembo za Bambo Anacleto Zilowa M'makina

1. Dzanja lathyoka

Kwathu kuno kumtsinje, boti lopanda dzina sililowa m'madzi. Dzinalo sililembedwanso chisawawa ngati pa thumba la makala. Pali eni ake a ntchitoyi, ndipo mwa onsewo panalibe wowaposa Bambo Anacleto.

Iwo sankasaina ntchito yawo. Asainirenji? Zilembo zawo zinali zonenepa, zofiira kumwamba, zachikasu kumunsi, ndipo pakati pa chilembo chilichonse pankapiringizika kamzere konga kamchira ka nkhumba. Boti likamadutsa patali, ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga ankaloza n'kunena kuti, "Ilo ndi dzanja la a Anacleto." Dzanja limenelo ndi lomwe linkadyetsa banja lonse.

Tsono Lachitatu lina thabwa lomwe anaimapo linaterereka, iwo n'kugwera dzanja lomwelo. Kuchipatala analikulunga ndi chikhakha, n'kuwauza kuti aiwale za burashi kwa miyezi iwiri.

Tsoka lake, pa doko panali ntchito yodikira. Amuna awo a Mayi Cleonice, a Tibúrcio, anamira chaka chatha mphepo itagubuduza boti lawo. Mayiwo analivuula botilo, n'kulikonzetsa, ndipo ankafuna lilembedwe dzina la malemuwo lisanafike Lamulungu, tsiku la mdipiti wa maboti operekeza chifanizo cha Amayi Maria.

Panatsala munthu mmodzi yekha woti n'kuigwira ntchitoyi: Deusarina, mwana wawo wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anali ataphunzira kwa bambo ake zaka ziwiri. Luso anali nalo ndithu, koma anali wopupuluma. Ameneyu akatereka madzi pamoto ankafuna awire iye asanatembenuke n'komwe.

Lachinayi m'mawa bambo ake anamuitana ali gone m'machira awo a pakhonde. Pachifuwa pawo panali buku lakuda, lothimbirira ndi penti.

"Khala pansi, Deusa. Ndati khala, usaime ngati wadzapala moto.

"Buku ili umaliona, koma sunaligwirepo. Anandisiyira ndi mphunzitsi wanga. Iyeyo zilembo zoyambazi anazikopera pa mabokosi a sopo omwe ankabwera pa sitima zakale. Zinali zodinda ndi makina, zouma gwa. Iye anazifewetsa ndi dzanja, ine n'kudzazinenepetsa, n'kuzipatsa kamchira. Masamba akumapetowa ndi anga, ndipo ndawavutikira zaka makumi atatu.

"Ndiye umve zinthu ziwiri. Choyamba, bukuli ndi longokukumbutsa, usalikopere ngati ntchito ya kusukulu. Uziyang'ana boti. Mphuno ya boti ndi yokhota, ndiye ukalembapo mowongoka, patali dzina limaoneka likugwa. Ukalemba chilembo chimodzi, tsika, pita pa doko, ukachione momwe achionere munthu wodutsa, kenako ubwerere. Ntchito ino miyendo imatopa kuposa dzanja.

"Chachiwiri, bukuli lisachoke m'manja mwako. Usabwereke munthu, usalole munthu kulijambula. Ife tilibe munda, tilibe ukonde. Chuma chathu ndi chomwechi. Tsiku lomwe zilembo izi zidzakhale za aliyense, ife tidzakhala opanda kanthu."

"Ndamva, Bambo," anatero Deusarina, phazi limodzi lili kale pa makwerero. "Koma dzina loti lilembedwelo, COMANDANTE TIBÚRCIO! Zilembo khumi ndi zisanu ndi zitatu mbali imodzi, kwinakonso chimodzimodzi. Mayi Cleonice akanakwatiwa ndi munthu wa dzina lalifupi ngati Zé bwenzi nditamaliza lero lomwe."

"Pakamwa pako paja," anatero bambo ake. "Thamanga, madzi asanaphwe."

2. Zilembo zitatu

Pa doko, Deusarina anayamba ndi mphamvu. Analemba ndi choko, anatsika, anakaona, anabwerera, anafufuta. Analembanso, anatsikanso. Pofika masana miyendo inali itawawa, koma pa boti panali zilembo zitatu zokha.

Azibambo onyamula madengu a zipatso za asayi anali atapeza chowaseketsa.

"Iwe mwana wa a Anacleto, ukulemba kapena ukuphunzira mpikisano wothamanga?"

"Musiyeni, amaliza. Chaka chamawa kulinso mdipiti!"

Deusarina anangoluma mano. Itakwana 3 koloko, mvula ya masiku onse ija inafika osagogoda. Penti yofiira inali isanaume, ndipo inayenderera m'munsi ngati zilembozo zikukha magazi. Ntchito ya tsiku lonse inathera mumtsinje.

Mayi Cleonice anabwera atafunda pepala la pulasitiki. Anayang'ana boti, n'kuyang'ana mtsikanayo.

"Mwanawe, undiuze zoona. Zitheka?"

"Zitheka, Mayi."

"Ndafunsa chifukwa abale ake onse a malemu akubwera kuchokera kumtunda. Ndinawalonjeza kuti adzaliona dzina lake likuyenda pamadzi."

Lachisanu m'mawa Deusarina anafika ali ndi mantha osaneneka. Choko chinkangothyoka. Apa ndi pomwe panaima njinga yamoto ya Edivaldo, mwini wake wa kasitolo kosindikiza ka kuseri kwa msika. Anali mnyamata wa zaka za m'ma 25, wolankhula mokoma, ndipo anali atangogula kumene makina odula zilembo pa pulasitiki womata.

"Mlongo, ukudzizunziranji chonchi? Anthu anasiya kale kuvutika."

"Ndisiyeni, achimwene, ndili pa ntchito."

"Ntchito yake iti? Ine ndikuona zilembo zitatu zolira. Bwera ndi bukulo. Ndijambula zilembo zomwe ukufunazo, ndizilowetse m'kompyuta, makina adule. Ola limodzi basi. Zikhala za bambo ako zomwezo, kamchira ndi zonse. Mvula siizisungunula, ndipo palibe adziwe."

"Bambo anakaniza."

"Bambo ako ali m'machira. Lamulungu anthu akadzaona boti lopanda dzina, manyazi adzagwira ndani? Iwe kapena iwo?"

Deusarina anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana kutsidya. Anatseka zitini za penti, anaika buku m'chikwama, n'kukwera kumbuyo kwa njinga.

3. Mawu a Agogo Firmino

M'sitolomo munkazizira ngati m'firiji ya nsomba. Pakona panali chimakina chakale chosindikizira, chakuda, chofunditsidwa nsalu, ndipo pambali pake panakhala a Firmino, bambo ake a Edivaldo. Kale sitoloyi inali yawo. Tsopano ntchito yawo inali kukhala pampando n'kumatsutsa chilichonse chomwe mwana wawo wachita.

Ataona buku lakudalo anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Ilo si buku la Anacleto? Akudziwa kuti lili kuno?"

Deusarina anayang'ana pansi.

"Ababa, musayambe," anatero Edivaldo.

"Ndiyamba, pakamwa ndi panga. Mdzukulu, tabwera kuno." Anakoka kabati yafulati yodzaza tizitsulo, n'kutolamo kamodzi. "Gwira aka. Ndi chilembo cha mtovu. Zaka makumi anayi ndinkatola timeneti kamodzikamodzi, n'kumasanja mawu a maliro, a ukwati, a chisankho. Ukudziwa anakajambula ndani poyamba? Nanenso sindidziwa. Analipo munthu, anakhala pansi ndi cholembera chake, anatuluka thukuta ngati bambo ako. Kenako anthu anaumba chikombole, n'kuthiramo mtovu, ndipo chilembo chake chinabala ana zikwizikwi. Anawo anafika mpaka kuno, koma dzina la mwini wake linatsala m'njira.

"Ine sindidana ndi makina, andidyetsa moyo wanga wonse. Popanda iwo bwenzi mabuku anu a kusukulu mukukopera pamanja. Koma ndikuuze khalidwe lawo. Makina sadziwa kubwereka. Ukawapatsa chinthu, atenga. Nthawi yanga chikombole chinkatenga miyezi kuti chipangidwe, ndiye munthu unkakhala ndi mpata wosintha maganizo. Awa a mwana wangawa amameza ukadali chiimire. Buku ubwerera nalo, inde, lonse bwinobwino. Koma zomwe zili m'katimo zikhala zitatsala kuno.

"Ngati Anacleto afuna kuti zilembo zake zilowe m'makina, abwere yekha, akhale apa, anene mtengo wake ndi malamulo ake. Imeneyo ndi nkhani ina. Koma iwe si mwini wake. Wangotumidwa."

Kunja kunagunda bingu. Deusarina anayang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo miyendo yake inkangopondaponda.

"Agogo, ndi lero lokha. Ndikufuna zilembo za dzina limodzi basi."

Anapereka bukulo.

Edivaldo analitsegula pansi pa nyali n'kuyamba kujambula. Tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Deusarina anaona kuti akujambulanso zilembo zomwe m'dzina la a Tibúrcio mulibe.

"Achimwene, izo sindikuzifuna."

"N'kuti tisadzavutikenso mawa, mlongo. Bwanji bambo ako akachedwa kuchira?"

Apa mpata wolanda bukulo unalipo, ndipo dzanja lake linali pafupi. Koma makina anali atayamba kale kulira, akutulutsa chilembo choyamba chofiira ndi chachikasu, chosalala, chokongola kuposa chilichonse chomwe iye analembapo. Anangoti kukamwa yasa. A Firmino anabweza kachitsulo kawo m'kabati, n'kutembenuzira mpando wawo kukhoma.

4. Dzina likumira

Mvula itakata, Deusarina ndi Edivaldo anapukuta boti n'kumata zilembozo mbali zonse ziwiri. Sizinatenge ndi ola lomwe. Eni maboti ena anasonkhana, akusisita zilembozo ndi zala, akufunsa Edivaldo mtengo wake. Deusarina sanazilabadire zimenezo. Mtima wake unali utakhala pansi koyamba m'masiku awiri.

Mayi Cleonice anafika dzuwa litapendeka. Sanapite pafupi ndi boti. Anaima kumapeto kwa doko, pomwe amaima anthu tsiku la mdipiti, n'kuliyang'ana ali pomwepo.

"Deusarina, tabwera uime pano."

Mtsikanayo anapita n'kuyang'ana. Pafupi zilembozo zinali zowongoka ngati za m'buku. Koma kuchokera apa, pomwe mphuno ya boti imakhotera, dzinalo linkapendekera kutsogolo. Zilembo zakumphuno zinkaoneka zowerama, zothinana, zikutsetserekera m'madzi.

"Izi sanalembe ndi munthu," anatero Mayi Cleonice. "Taona zilembo ziwiri zofananazo, ngati mazira a nkhuku imodzi. Bambo ako salemba chilembo chimodzi kawiri mofanana. China amachitambasula, china amachikweza phewa, malinga ndi thabwa lomwe chakhalapo. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma maboti ndawaona moyo wanga wonse."

"Mayi, nthawi inachepa, ndiye ndinaganiza kuti..."

"Mwanawe, mwamuna wanga anamira kamodzi. Sindilola kuti amirenso kachiwiri abale ake akuonerera."

Mawu amenewo anamulasa Deusarina kuposa mbama. Analira pomwepo, pamaso pa onyamula asayi onse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaseka.

Mayi Cleonice anamupatsa mpango wawo kuti apukute nkhope.

"Kulira sikumatula pulasitiki. Tiye timatule kusanade. Mawa ulembe mbali imodzi yokha, yoyang'ana kutchalitchi. Ikhale yokhota, ikhale yonyansa, bola ikhale ya dzanja la munthu amene ankamudziwa Tibúrcio."

5. Loweruka

Kutacha, Deusarina anapeza Mayi Cleonice atamanga kale lona pamwamba pa mphuno ya boti. Analemba chilembo choyamba ndi choko, ndipo akuti azitsika kuti akachione, wina anakuwa kuchokera pa doko.

"Khala pomwepo, iwe! Maso tili nawo ife. Chikweze chilembocho mbali yakumanjayo!"

Anali mmodzi wa azibambo omuseka aja. Anzake anatula madengu n'kukhala m'mbali mwake.

"Wakweza kwambiri! Ukufuna chiuluke?"

"Chinenepetse pang'ono, a Tibúrcio sanali munthu woonda!"

Tsiku lonse linatha choncho, iwo akukuwa, iye akulemba. Nthawi zina ankakangana okhaokha mpaka kuiwala za boti. Mvula inabwera, lona inagwira ntchito yake. Pomwe dzuwa linkalowa, zilembo zonse khumi ndi zisanu ndi zitatu zinali zitaima. Timichira tina tinali tonjenjemera, koma dzinalo linadzutsa mutu pamwamba pa madzi.

Deusarina anabwerera kwawo akuimba m'kabwato kake ka injini. Anabweza buku pachifuwa pa bambo ake, iwo n'kuliphatika m'khwapa osalitsegula n'komwe. Za kwa Edivaldo sananene. Mwana wosaukayu ankaganiza kuti poti buku labwerera, nkhani yatha.

6. Mdipiti

Lamulungu mtsinje unadzaza. Maboti anavala nsalu zamitundumitundu ndi maluwa a mapepala, makombola ankaphulika, belu la tchalitchi linkalira mosalekeza. Bambo Anacleto anakana kutsala. Anavala malaya awo oyera, dzanja lili pa nsalu yokoleka m'khosi, ndipo anthu anawapatsa malo kutsogolo kwa doko.

Boti lonyamula chifanizo linadutsa, anthu akuimba. Pambuyo pake panabwera la Mayi Cleonice, lodzaza abale a malemu. Mayi wina wokalamba m'botimo ankasisita thabwa la pamwamba pa dzinalo, akulira.

Bambo Anacleto anatsinzina diso limodzi, monga ankachitira poyesa ntchito.

"Chilembo chachinayicho chaledzera pang'ono," anatero. "Koma dzina laima. Mwana wanga, walemba."

Chimwemwe chomwe Deusarina anamva sichinakhalitse. Kumbuyo kunkabwera boti lobiriwira la munthu wogulitsa matabwa, ndipo pamphuno pake panali zilembo zonenepa, zofiira kumwamba, zachikasu kumunsi, chilichonse ndi kamchira kake. Zinkanyezimira ngati zonyowa, ndipo zinkagwera kutsogolo.

Linabwera lachiwiri. Linabwera lachitatu, la asodzi a nkhanu. Lachinayi linali kabwato chabe, koma nako kanali ndi zilembo zomwezo, zazing'ono, zofanana ndendende ndi zinzake.

Anthu anayamba kutembenuka.

"A Anacleto, paja munati dzanja lathyoka? Nanga maboti onsewa mwalemba ndi phazi?"

"N'chifukwa chake zikugwa chonchi. Ukalamba wafika basi."

"Ayi, sanalembe ndi iwo," anatero mayi wina wogulitsa chinangwa. "Zikudulidwa kuseri kwa msika. Dzulo kunali mzere mpaka panja. Akuti n'zotchipa kuposa botolo la mafuta a injini, ndipo mwamuna wanga akupita mawa."

Bambo Anacleto anangoyang'ana kumtsinje. Anaperekeza boti lililonse ndi maso mpaka litadutsa. Deusarina anali asanaonepo bambo ake akuoneka ochepa chonchi, ndipo anamva chisoni ndi manyazi mpaka kulakalaka doko litathyoka kuti agwere m'madzi.

Kenako bambo ake anatembenukira kwa iye. Sanakweze mawu.

"Kamchira ka pa boti lachitatulo ndinakajambula mwezi watha. Sindinakalembepo pa boti lililonse. Kali pa tsamba lomaliza la buku, ndipo anakaonapo ndi anthu awiri okha, ine ndi iwe."

Makombola ankaphulikabe. Deusarina akanatha kunena kuti buku linabedwa, kapena kuti analiiwala pa doko. Koma sanatero.

"Ndine, Bambo. Ndinapita nalo kwa Edivaldo Lachisanu. Anajambula masamba onse, ine ndikuona."

"Onse?"

"Onse."

Bambo ake anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anagwira mzati ndi dzanja lamanzere n'kuimirira. Anthu anapatuka okha.

"Bambo, mukupita kuti? Mdipiti sunathe."

"Kwa ine watha," anatero. "Tsogola. Njira ya kwa Edivaldo ukuidziwa ndiwe."